Phazi la Fyness Pansi pa Mbale

M'mawa umene Fyness ananyamuka, bambo ake, a Enos Shaba, sanamuperekeze mpaka kumsewu. Anaima pakhomo manja ali kumbuyo, maso ali pansi pomwe mwanayo ankaponda. Njinga yamoto itamunyamula n'kuzimiririka m'mitengo ya paini, iwo analowa m'nyumba ndipo anatuluka ndi mbale yachitsulo ya maluwa ofiira. Anayenda monyang'ama pabwalo, nasankha phazi limodzi lomwe linadinda bwino m'fumbi pafupi ndi mtengo wa mapichesi. Anavundikirapo mbaleyo n'kutsindira njerwa pamwamba.

Umenewu unali mwambo wa kubanja kwa malemu akazi awo, a Eneless, ku Engutwini. Munthu akapita ulendo wautali, phazi lake lomaliza ankalivundikira mpaka atabwerako, pakuti amati likafufutika, mwini wake amaiwala njira ya kwawo. A Eneless ankachita zimenezi ngakhale amuna awo akangopita ku Kasungu, ndipo a Enos ankangowayang'ana n'kupukusa mutu. Koma chaka chimene mwana wawo woyamba, Bestone, anapita ku Joni, mayi ake n'kuti atagona kale kumanda, ndipo panalibe wovundikira. Bestone anaimba foni kangapo, anatumiza jekete, kenako anangoti zii. Anatchona.

Tsopano Fyness, womaliza, amene ankaphunzira kukoleji ku Mzuzu, anali atasankhidwa kupita kumzinda wa Istanbul, m'dziko la Turkey. Kumeneko kunali msonkhano wa ophunzira ochokera m'mayiko ambiri, omwe amakhala pansi n'kumayerekeza kuti ndi akazembe okambirana mavuto a dziko lapansi. Anawafotokozera bambo ake zonsezi mpaka chakudya kuzizira, ndipo iwo anangoti, "Mm."

A Judith, akazi a mng'ono wawo, omwe nyumba yawo inali moyandikana, anabwera ndi tsache monga mwa masiku onse.

"Alamu, mbale yabwinobwino iyi mukutchera nayo mbewa?"

"Osasesa pamenepo."

A Judith anayang'ana mbale, anayang'ana njerwa, kenako anazindikira. Anaseka atagwira m'chiuno.

"Mwanayu wapita pa ndege, alamu. Mukanavundikira kumwamba."

A Enos anatenga chipewa chawo n'kunyamuka wa kuntchito.

Ntchito yawo inali yolondera moto m'nkhalango ya Luwawa. M'chilimwe chonse ankakwera nsanja yamatabwa pamwamba pa phiri, n'kukhala mmenemo kuyang'ana utsi. Kuchokera pamenepo mitengo inkaoneka ngati udzu wosalazidwa ndi dzanja, ndipo damu linkanyezimira chapatali ngati kagalasi kogwa m'thumba. Kunyumba foni sinkagwira. Inkagwira pansanja pokha, munthu akaikweza chakumadzulo. Motero mawu a Fyness ankawafika ali m'mwamba, pakati pa mphepo, ngati kuti abwera okha mouluka.

Uthenga woyamba unafika m'mawa wa nkhungu.

"Adada, monire. Ndafika makora, ndili bwino. Kuholo komwe tikukumana n'kwakukulu chomene, tchalitchi chathu chikhoza kulowamo n'kutembenukiramo. Aliyense amupatsa dziko losakhala lake. Ine andipatsa Fiji. Ndi tizilumba, Adada, pakati pa nyanja yamchere. La Malawi apatsa mnyamata wina wa ku Korea, ndiye amabwera kudzandifunsa kuti chimanga timadzala liti. Ukafuna kulankhula umakweza kabolodi kolembedwa dzina la dziko, ndipo suloledwa kunena kuti ine. Umati dziko lathu likuona motere. Ndiye dzulo ndinaimirira n'kunena kuti dziko lathu likumira. Nyanja ikudya midzi, anthu akusamutsa ngakhale manda a makolo awo kupita nawo kumtunda. Anthu anaomba m'manja, Adada."

A Enos anaumvera uthengawo kachiwiri. Pamene ankati dziko lathu, mawu a mwanayo sankagwedera ngakhale pang'ono. Ankatchula tizilumbato ngati kuti mchombo wake unakwiriridwa komweko.

Anayang'ana kunja. Nkhungu inali itadzaza zigwa zonse, yoyera, yosalala, ndipo nsonga za mapiri zokha ndizo zinkaonekera, apa kamodzi, apo kamodzi. Anaona kuti nawonso ali pakachilumba. Nkhunguyo inkakwera pang'onopang'ono, kumeza mitengo mzere ndi mzere, ndipo chakumwera, komwe kuli manda a Eneless, kunalibenso mtunda. Anakhala akuyang'ana mpaka dzuwa linaiyamwa nyanjayo, mapiri n'kubwerera m'malo mwake.

Anasindikiza foni n'kuyankha: "Tamva. Uzivala juzi."

Madzulo aliwonse akatsika, asanalowe m'nyumba, ankayamba aima pa mtengo wa mapichesi. Sankaivundukula mbaleyo. Ankangogwedeza njerwa ndi chala kuti aone ngati yakhazikika. Nkhuku zitayamba kupalasa chapafupi, anadula minga n'kuzunguliza.

"Mwangotsala kumanga denga," anatero a Judith. "Mulembenso mlonda."

"Mlonda ndilipo."

Uthenga wachiwiri unafika masana otentha, nyenje zikulira m'makungwa. Kumbuyo kwa mawu a Fyness kunkamveka madzi ndi mbalame.

"Adada, lero kulibe msonkhano, atitenga kukaona mzinda. Panopa ndili m'boti. Mzinda uno anaudula pakati ndi madzi, tsidya lino ndi Ulaya, tsidya linalo ndi Asia, ndipo anthu amangowoloka ngati akupita kuchigayo. Amphaka ali ponseponse, onenepa, amagona pamipando ya m'sitolo ndipo palibe amawathamangitsa. Msika wake ndi wofoleredwa wonse, uli ndi misewu m'kati, tinasochera mpaka tinatulukira komwe tinalowera. Koma chimene ndimafuna ndikuuzeni ndi ichi. Anatitsitsa pansi pa nthaka, m'chitsime chakalekale chomwe ankasungiramo madzi a mzinda. Muli mizati yamiyala, Adada, yoima m'mizere m'madzi, kutalika, kuli chete, madontho okha akugwa. Ndinangoti apa ndi pa Luwawa. Ndi paini wathu yemwe uja wa kuseri kwa damu, komwe Amama ankatola nkhuni. Ndinaima mpaka anzanga anandisiya."

Panabweranso chithunzi. A Enos anachiyandikiza kumaso. Mizati inkapita m'kati mwa mdima wofiirira, uliwonse utaima pa chithunzithunzi chake m'madzi. Atakweza maso anaona mitengo yawo ili chimodzimodzi, mizere yowongoka yolowa m'chisisira. Kwa kanthawi sanadziwe kuti ali kuti. Zinkaoneka ngati munthu atalowa pakati pa mizere ija n'kumangoyenda osacheuka, akhoza kukatulukira pansi pa mzinda wa amphaka, nsapato zitanyowa. Pakati pa mitengo panadutsa mayi atasenza mtolo wa nkhuni, chitenje chake chobiriwira, kayendedwe kake kotsimphina pang'ono mwendo wamanzere ngati ka a Eneless. A Enos anagwira thabwa la nsanja. Mayiyo analowa mumthunzi ndipo sanatulukirenso mbali inayo.

Anayankha kuti: "Taona. N'kwabwino."

Uthenga wachitatu unali waufupi, ndipo Fyness ankalankhula motsitsa mawu.

"Adada, msonkhano watha. Mfundo zomwe tinalemba ndi anzanga a tizilumba zavomerezedwa. Koma kuno kwachitika zina. Cedric, mnzathu amene tinanyamuka naye ku Mzuzu, akuti iye sabwerera. Akuti ali ndi msuweni wake tsidya la Ulaya, amupezera pogona ndi ntchito. Akundiuza kuti tipitire limodzi, akuti kumudzi ndikukatsata chiyani. Ndangoti ndikuuzeni. Foni ikutha moto."

A Enos anaigwira foniyo nthawi yaitali. Mawu analipo ambiri, koma sanadziwe loyamba ndi liti. Pamapeto pake anati: "Mapichesi ayamba kupsa." Uthengawo unapita, koma chizindikiro choti wamvedwa sichinabwere, tsiku limenelo ngakhale lotsatira.

Zaka zonse a Enos ankadikira chizimalupsa, mvula yoyamba yozimitsa moto wa m'tchire, ngati mmene mlimi amadikirira kukolola. Ikagwa, mlonda wa moto amapuma. Chaka chimenechi ankayang'ana mitambo ndi diso lina. Ndipo inabweradi, masana ena, kuchokera chakum'mawa, yakuda bii pansi pake. Mphepo inasintha fungo. Mphezi inang'anima kuseri kwa damu, ndipo mphezi ndiyo imayatsa nkhalango mvula isanafike, choncho mlonda sachoka pansanja nthawi yoteroyo. A Enos anakhala. Anayang'ana mvula ikuyenda pamwamba pa mitengo ngati chinsalu chokokedwa, ikuwoloka msewu, ikufika pa timadenga ta malata komwe kunali nyumba yawo. Inagwa yamphamvu. Atatsimikiza kuti kulibe utsi paliponse, anatsika makwerero n'kuyenda m'mvulamo osathamanga.

Anapeza a Judith ataima pa mtengo wa mapichesi, atanyowa chinyowere, khasu lili m'manja. Anali atakumba kangalande kuzungulira minga ija.

"Ndinachedwa, alamu," anatero osaseka. "Ndinali kudimba. Madzi anali atadutsa kale."

Pabwalo ponse panali mizere ya matope. Umodzi unalowa pansi pa mbale mbali yakumtunda n'kutulukira kumunsi, utanyamula timasamba ta paini.

"Tivundukule tione?" anafunsa a Judith.

"Ayi."

"Mwina latsalako chidendene."

"Amavundukula ndi mwini phazi."

A Judith anatsamira khasu. A Enos anakonza njerwa yomwe inapendekeka, nati, "Yewo, mlamu," n'kulowa m'nyumba.

Masiku otsatira nkhalango inanunkhira dothi ndi utomoni. Ntchito ya pansanja inatha, koma a Enos ankakwerabe m'mawa uliwonse, n'kukweza foni chakumadzulo. Munalibe kanthu. Nkhungu inkabwera n'kupanga nyanja yake, tizilumba tinkamira n'kuyandamanso. Tsiku lomwe Fyness ananena kuti adzafika linakwana, linadutsa. A Judith anasiya nthabwala, ndipo posesa ankalambalala patali ndi mtengo wa mapichesi.

Linali Loweruka chakumasana, a Enos akunola chikwanje pakhonde, pamene lole ya matabwa inaima kumsewu. Inatsitsa munthu n'kupitirira. Munthuyo anabwera pang'onopang'ono m'kanjira ka pakati pa mitengo, akukoka chikwama chomwe matayala ake ankakana matope. Nthunzi inkakwera kuchokera pansi, ndipo a Enos sanaimirire msanga, poopa kuti nayenso alowa mumthunzi osatulukira.

"Adada, monire."

"Nyashaba," anatero, kumutchula dzina la mfunda wawo. "Wafika."

Fyness anagwada n'kuwapatsa moni wa m'manja. Anali ataonda pang'ono. Anafotokoza kuti Cedric atasowa, gulu lonse linasungidwa n'kumafunsidwa mafunso mpaka ndege inawasiya, ndipo foni yake inathera komweko, chotchajira chili m'chikwama cha Cedric yemweyo. Akulankhula choncho, maso ake anagwa pa minga, pa kangalande, pa mbale ya maluwa ofiira. Anasiya nkhani pakati.

"Mbale ya Amama."

"Vundukula."

Fyness anachotsa minga, anachotsa njerwa, n'kukweza mbaleyo. A Judith anali atafika kale, akusuzumira kumbuyo kwake. Pansi panali dothi losalala, lonyowa, ndi kanjira ka nyerere kodutsa pakati. Phazi panalibe, ngakhale chidendene.

Onse atatu anayang'ana pamenepo.

"Mbwenu wabwera wopanda phazi," anatero a Judith. "Wayenda bwanji, mwana iwe?"

Fyness anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi mkono. A Enos sanaseke. Ankayang'ana dothi losalalalo, kenako mapazi a mwana wawo ali chiimire pambali pake, m'nsapato zachilendo zodzaza matope a pa Luwawa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira chakumwera, komwe msewu umapita ku Jenda n'kupitirira mpaka ku Joni.

"Adada," anatero Fyness, mbale ili pachifuwa, "kuli aphunzitsi ena ku Istanbul andiuza kuti ndikamaliza ku Mzuzu ndidzapemphe malo a maphunziro. Ndi zaka ziwiri. Ndikufuna ndidzapite. Koma ndimafuna ndidzanyamukire pano, inu mukuona."

A Judith anayang'ana alamu awo. Mphepo inadutsa m'mitengo, ndipo pichesi limodzi linagwa lokha n'kugubuduka mpaka m'kangalande. A Enos analitola, analipukuta pamalaya, n'kumupatsa mwana wawo. Kenako anatenga mbale ija m'manja mwake, naichotsa dothi la m'mphepete ndi chala chachikulu.

"Itsukidwe," anatero. "Tidyeremo."

Anayenda masitepe angapo kulowera kukhonde, n'kuima osatembenuka.

"Ukadzapita, udzaponde kwambiri."