Mkamwini M'chikepe

Amene anandikweza sitima yapamadzi ija ndi mwana wanga Taonga, namwino ku Durban. Ine kwathu ndi ku Vubwi, ndipo madzi amene ndimawadziwa ndi a m'dambo ndi a pamjigo. Anati ndi ulendo wa masiku anayi, kukazungulira cha ku Mozambique n'kubwerera pomwe tinakwerera. Ndinamufunsa kawiri kuti tikukatenga chiyani kumeneko, iye n'kuti palibe. Unali mwezi wa Disembala, chimanga ndinachisiya chikufuna khasu, ndipo mpaka lero sindimvetsa ulendo wopita kopanda maliro, kopanda ukwati, kopanda msika.

Koma nkhani yeniyeni sinali sitima. Taonga anali ndi pakati pa miyezi isanu, mwana woyamba titadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Mwamuna wake ndi Sylvester Sakala wa ku Sinda, munthu wabwino malinga ndi zomwe ndinkamva, chifukwa ine ndi iye tinali tisanayang'anepo m'maso. Akabwera kumudzi n'kukumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Mawu anga ankafika kwa iye kudzera mwa Taonga, ake ankabwera kudzera momwemo. Mpongozi ndi mkamwini amatero kwathu, ndipo ine sindinaonepo cholakwika.

Tili pamzere wokwerera, Taonga anandikokera pambali.

"Amama, fulati yathu ni ya zipinda ziwiri chabe, kulibe tchire lopatukirako. Ngati simukwanitsa kukhala na Sylvester malo amodzi masiku anayi aya, siningakuitaneni mwana akabadwa. Nizapeza wanchito."

Zinandipweteka kwambiri. Mdzukulu wanga woyamba asambitsidwe ndi munthu wosadziwa ngakhale dzina la mudzi wathu? Ndinangomanga chitenje n'kukwera.

Chipinda changa chinali pansanjika yachisanu, m'munsi mwenimweni mwa zipinda zamakonde. Poyamba ndinakwiya kuti andiika pansi ngati thumba la feteleza iwo n'kukagona pamwamba, koma Taonga anati m'munsi mumagwedezeka pang'ono. Pabedi ndinapeza thaulo lopindidwa ngati njovu, lili ndi maso omwe. Sindinalikhudze. Chimbudzi nacho ukadina chinkalira ngati chikufuna kukumeza, moti ndinkadina ndi phazi nditatsegula kale chitseko.

Chimene ndinachikonda ndi khonde. Linali ndi mipando iwiri ndi mpanda wagalasi, ndipo madzi anali pafupi kotero kuti ndikanakhala ndi chingwe cha pachitsime ndikanatunga. Ndinaliyesa kuseri kwa nyumba. Kodyera sindinapiteko, ndinkanamizira mutu, Taonga n'kumandibweretsera mabanzi ndi nkhuku nkhope ili gwaa. Ndinkachapa m'sinki, kuyanika pamipando, n'kukhala pansi nditatambalala, chitenje chili pachifuwa, ndikudzola mafuta m'miyendo ndi kuimba nyimbo za kumpingo.

Tsiku lachiwiri ndinayang'ana kumwamba kuti ndione ngati kukubwera mvula. Ndinaona mitu. Khonde langa linali lotulukira kunja kuposa enawo, choncho onse a pamwamba ankandionera ngati mpira. Mzungu wina wachimimba chachikulu anandikwezera tambula yake. Ndinakwawira m'nyumba ndi maondo, ndipo pothawapo ndinaona kuti khonde limodzi lokha, la pamwamba panga penipeni, ndilo linalibe munthu.

Nditamufotokozera Taonga, sanaseke.

"Lija ni lathu," anatero. "Sylvester sanapondepo chikwerereni. Akuti sangaimirire pamwamba pa mutu wa apongozi. Akusanza masiku awiri, dokotala akuti azikhala pamphepo, yeve akukana. Imwe awiri mwanilemetsa."

Sindinadziwe ngati ndikondwe kapena ndichite manyazi. Mwana wa anthu analeredwa bwino, izo zinali zoonekeratu. Koma ngati tonse awiri tinaleredwa bwino chonchi, mdzukuluyo ndidzamuonera pafoni.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili pamutu, kunayamba mphepo. Ndinali m'kati ndikupinda zovala pamene china chake chinamenya galasi kuti phwaa. Nditayang'ana, khonde lonse linali madzi, patapata wanga mmodzi akuyandama pansi pa mpando. Kenaka linabwera funde lachiwiri. Kwathu madzi akafika pakhonde sufunsa munthu, umanyamula zomwe ungathe n'kuthawira kumtunda. Ndinatenga Baibulo, chikwama ndi jekete losamira lija anationetsa tsiku loyamba, n'kutuluka. Chitseko chinadzitsekera kumbuyo kwanga, kadi yotsegulira ili m'kati.

Kunja ndinasokonezeka kuposa m'kati. Ndinkayembekeza kupeza anthu akuthamanga ndi ana kumsana, koma ndinakumana ndi atsikana awiri akunyambita ayisikilimu. Wantchito wina anandipatsa moni akukankha ngolo ya mathaulo. Ndinamuuza kuti madzi alowa, iye n'kumwetulira. Ndinadzifunsa ngati anthuwa sakudziwa, kapena akudziwa koma kuno kufa amakuonera choncho. Zitseko zonse zinali zofanana, kapeti yemweyo kulikonse, ndipo ndinadutsa chithunzi chimodzi cha nsomba katatu ndisanapeze chikepe.

M'chikepemo munali gogo wina wachizungu wa kachipewa koyera. Ndinadina mabatani onse kuti lina mwa iwo likhale la kumtunda, koma chinthucho chinayamba chatsikira pansi. Chitseko chitatseguka, analowa mwamuna atawerama, kabotolo ka mankhwala kali m'manja. Chitseko chinatseka asanadzutse mutu. Anali Sylvester.

Iye anatembenukira kukhoma, inenso ndinatembenukira kukhoma langa. Makoma onsewo anali magalasi. Ndinamuona kutsogolo kwanga, kumanja, kumanzere, mkamwini mmodzi atasanduka khumi, onse akundiyang'ana ndi mantha. Ndinathawitsira maso kudenga, kumeneko analiponso. Zaka zisanu ndi chimodzi zopatukira m'minga zinathera m'kabokosi kosakwana mbuzi zitatu.

Koma nkhani ya madzi sikanadikira, ndipo Taonga panalibe. Ndinatembenukira kwa gogo uja.

"Amayi, auzeni bambowa kuti sitima ikumira. Akatenge mkazi wawo."

Gogoyo anamwetulira n'kugwedeza mutu. Sylvester naye anamuyang'ana gogo yemweyo, n'kumulankhula m'Chichewa ngati anakulira limodzi ku Sinda.

"Amama, auzeni amamawa kuti siikumira. Ni mphepo chabe. Makonde a pansi amalowa madzi nyanja ikavuta."

"Afunseni ngati anaona ndi maso awo. Patapata wanga wapita."

"Auzeni kuti tizagula wina. Muwauzenso kuti jekete avala chakumbuyo."

Gogoyo ankatembenuza mutu uku ndi uku ngati nkhuku yoona chimanga mbali ziwiri. Analankhula kena kake m'Chingerezi, n'kundisisita paphewa, ndipo chitseko chitangotseguka anatuluka mofulumira kuposa msinkhu wake. Tinatsala awiri. Chifukwa cha mabatani ndinadina aja, chikepe chinkaima pansanjika iliyonse, koma anthu akaona mayi wa jekete lofiira ndi Baibulo m'manja ankabwerera m'mbuyo. Sylvester akanatha kutuluka, koma sakanandisiya ndekha nditasochera, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo.

Tili pakati pa nsanjika ziwiri, sitima inapendekeka, mwendo wanga n'kuterereka. Ndinaona m'galasi manja ake akutambasuka, kubwerera, n'kutambasukanso. Mapeto ake anandigwira ndi lamba wa jekete, osakhudza thupi, n'kundiimika ngati mtolo wa udzu. Apo ndipo ndinamuyang'ana koyamba, iye mwini osati wa m'galasi. Milomo inali itauma, maso atalowa m'kati, thukuta lili kamukamu. Anali ndi kachipsera pachibwano komwe sindinkakadziwa. Ndinamva chisoni, ndipo ndinachita mantha kuti mwana adzabadwa ndi nkhope imeneyi ine osaizindikira.

"A Sakala," ndinatero. Mawuwo anatuluka okhakhala ngati chitseko chosatsegulidwa chaka chonse.

Iye anayang'ana kumbuyo kaye, ngati muli a Sakala ena m'chikepemo.

"Ine pano, amama."

"Mukunenetsa kuti sitikumira?"

"Nanenetsa, amama."

"Nanga kufulati kwanuko, mabafa ndi angati?"

"Limodzi chabe."

Chikepe chinakwera nsanjika ziwiri zathunthu. Ndinaganiza za amayi anga, amene anamwalira osamvapo mawu a mwamuna wanga pafupi, ndi zomwe akananena atandiona. Chitseko chinatseguka pamwamba penipeni, pomwe anthu ankasewera makadi, ena akumwa tiyi, ngati kunja kulibe mphepo.

"Ndiye muzikhosomola musanafike pachitseko cha bafa," ndinatero. "Ine ndibwera mu Epulo, ndikangokolola nyemba."

Sylvester anapukuta m'maso ndi dzanja lomwe linali ndi kabotolo lija.

"Nizakhosomola, amama," anatero. "Ngakhale kawiri."