Munda wa Mayi Anga ku Zóbuè

Titabwerera kwathu ku Mosambiki mu 1994 kuchokera ku Malawi komwe tinathawira nkhondo, ine, amuna anga a Baltazar ndi ana athu atatu, tinapeza munda wa malemu mayi anga uli ndi mwiniwake wina. Mundawo uli pamtunda, chakuseri kwa phiri la Zóbuè. Unali wodzaza ndi nandolo wolimidwa bwino moti ndinachita manyazi kukwiya. Wolimayo anali aNkhoma, bambo wamfupi wa mbali ya ku Mwanza, wolankhula motsitsa ngati ali pamaliro.

"Pepani mayi," anatero, "kuno ndi ku Malawi. Ndalima pano zaka zisanu ndi zitatu."

A Baltazar ndi akamwini chabe kwathu kuno, koma pakamwa Mulungu sanawamane. Anakuwa mpaka mbuzi zinathawa. Atatopa, tonse tinapita kukafuna maliko, chipilala cha simenti chomwe chinkasonyeza malire. Tinachipeza chitagona m'chigwembe, chitathyoka pawiri, ndipo panalibe wodziwa pomwe chinaima kale.

Wina angati bwanji osakalima kwina, malo ali mbwee. N'zoona, kuchigwa malo analipo. Koma kumeneko n'komwe ankhondo anakwirira mabomba, ndipo mwezi womwewo ng'ombe ya a Firmino, anansi athu, inaponda limodzi. Ana anga ndinali nditawaletsa ngakhale kupatuka m'njira pokataya madzi. Dothi lokhalo lomwe ndinkadziwa kuti khasu lalowamo zaka zonsezi popanda kuphulika linali la pamtundapo. Kutaya mundawo kunali kutsikira kuchigwa ndi ana, ndipo ndinkachita mantha osaneneka.

A Baltazar anakwera lole kupita ku Moatize kukafunsa mapu. Anabwerako patatha masiku atatu, mphuno zili bii ndi fumbi la malasha. Kumeneko anawauza kuti oyeza malire adzabwera akamaliza ochotsa mabomba. Liti? Anangotukula mapewa.

Nzeru inachokera pogula mchere. Ndinkadandaula m'kantina, kagolosale ka a Momed, mkulu wachisilamu amene sanathawe nkhondo yonse, iwo n'kusiya sikelo.

"Mayi Elvira, bambo anga ankasenza simenti ya zipilala zimenezo," anatero. "Azungu aja sanavutike. Anati mvula ikagwa pamtunda, madzi otsikira kum'mawa, kumtsinje wa Mwanza mpaka ku Shire, n'kwa Angerezi. Otsikira kumadzulo, kumtsinje wa Revubwe mpaka kudutsa Moatize, n'kwa Apwitikizi. Fulontera yonseyi, malirewa, ndi msana wa mtunda basi. Madziwo amakakumana ndithu ku Zambezi, koma zimenezo iwo analibe nazo ntchito."

Tinakawauza aNkhoma. Anavomera msangamsanga kuti tidikire mvula, madzi aweruze. Ine ndinaona ngati ndi ulemu wawo.

Vuto linali lakuti unali mwezi wa Ogasiti, kumwamba kuli mbee. A Baltazar kudikira sakudziwa. Anatitungitsa ndowa khumi kuchokera kuchitsime cha kumunsi, n'kumathira pakati pa munda atagwada, diso lili pansi. Dothi louma linangomwa madziwo osasiya ndi dontho lomwe. Atapempha ndowa ina ndinawauza kuti nawonso mutu ali nawo, nkhata ndiwabwereka.

Tinakhala miyezi itatu m'kachisakasa m'mbali mwa msewu, tikudya ufa wachithandizo. ANkhoma ankakolola nandolo wawo, tsiku lililonse akutipatsa moni waulemu, nthawi zina kutisiyirako kambale. Ine ndinkaphika ndikutukwana chamumtima. Mtambo uliwonse wodutsa ndinkauyang'ana mpaka khosi kuwawa.

Mvula inabwera pakati pa Novembala, masana dzuwa lili paliwombo. Kunada mwadzidzidzi, kenako inakhuthuka. Tinathamangira kumtunda, ana ali pambuyo panga m'kanjira, mmodzimmodzi monga ndinawaphunzitsira. A Momed anatseka kantina n'kubwera ndi ambulera yawo kudzakhala mboni. ANkhoma tinawapeza atafika kale, atafunda thumba.

Poyamba madzi anangodzaza m'makwawa a mizere osapita kulikonse. Kenako mzere umodzi unagumuka, madzi ofiira n'kuyamba kuyenda atanyamula masamba a nandolo. Ndinawatsatira ndi maso. Anakhota pachulu, anazengereza pang'ono, n'kutsetsereka kumadzulo. Mzere wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Mizere inayi yokha ya kumapeto ndiyo inatumiza madzi ake kum'mawa.

"Revubwe!" anakuwa a Baltazar, akuvina m'matope. "Mosambiki ameneyo!"

Ine ndinangokhala pansi pomwepo. Ndili chikhalire ndinaona kuti aNkhoma sanayang'ane pansi n'komwe. Ankayang'ana ana anga. Apo m'pamene nzeru zinandibwerera. Munthu walima pamalo nyengo zisanu ndi zitatu za mvula, angalephere kudziwa komwe madzi amapita?

"Inu aNkhoma," ndinatero, "munkadziwa."

"Ndinkadziwa, mayi." Anapukuta nkhope ndi thumba lija. "Koma mmene munkafika nandolo anali asanakhwime, ndipo kwanga kuli ana asanu ndi mmodzi. Mukanandichotsa tsiku lomwelo, n'kanawapatsa chiyani?"

A Baltazar anatsegula pakamwa, koma ndinawagwira mwendo wa buluku. Ndinafuna kukwiya chifukwa cha miyezi itatu ija, mkwiyo osabwera. Ndinangoyamba kuseka, misozi ikusakanikirana ndi mvula. A Momed nawo ankagwedezeka pansi pa ambulera.

"Mizere inayi ija ndi yanu," ndinatero. "Madzi anena."

ANkhoma anawomba m'manja mwaulemu. Kenako analoza ndi dzanja kuyambira pachulu mpaka pamtengo wa msuku, kuzungulira mpaka pomwe tinaima.

"Monsemu ndapondamo ndi mapazi angawa, mayi. Ngodya zonse ndagaula ndekha. Mulibe kanthu m'dothimu. Asiyeni anawa."

Ivânia, mwana wanga woyamba, anandiyang'ana kudikira mawu. Anali ataima pamalo amodzi, mapazi pamodzi, atagwira azing'ono ake manja. Ndinagwedeza mutu. Anayamba ndi phazi limodzi, mosamala, kenako onse atatu anabalalika m'munda monse, akugwa, akudzuka, akukuwa m'mvula. Pakamwa panga panatseguka pokha kuti ndiwaitane abwerere m'njira, monga mwa masiku onse. Ndinapatseka ndi dzanja, n'kuwasiya athamange.