Abwana Atasiya Kundikalipira

Keke ija inatuluka mu uvuni itaphwa pakati ngati chipewa chokhalidwa. Abwana anaiyang'ana.

"Palibe kanthu, mayi. Zimachitika."

Mayi! Munthu amene ankanditchula kuti Chimlomo chiyambire ntchito pabekale pawo. Mtima unandiwawa.

Zinayamba nditakadandaula za kapitawo wathu, mlamu wawo wa abwanawo, amene ankakhoma chitseko chakumbuyo kuti tisamatuluke kukapitidwa mphepo. Mnzathu wina atakomoka ndi kutentha, ndinalowa mu ofesi n'kukhuthula zonse. Abwana anachita chilungamo: anatifunsa aliyense payekha, nalanda makiyi kwa mlamu wawoyo. Koma mwana wawo wamkazi, wophunzira zamalamulo, anawachenjeza kuti asachite chilichonse chooneka ngati kundibwezera, apo ayi adzaonana ndi khoti. Basi, ndinasanduka dzira. Munthu amene ankandiphunzitsa makeke ndi kukalipa kwake, tsopano ankangondipatsa moni waulemu n'kudutsa. Ntchito ndinali nayo, koma luso linaima. Ine ndinkafuna kudzakhala wophika makeke, osati wokanda ufa mpaka imvi.

M'mawa mwake ndinawapeza akupima shuga.

"Abwana, keke ija inalakwika pati?"

"Aa, sinali yoipa kwenikweni."

"Musandinamize. Ngakhale galu anainunkhiza n'kuchoka."

Anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu. "Mwana wanga akuti ndikakukalipirani mukandisumira."

"Ine ndinadandaula za chitseko, osati za pakamwa panu. Anzanga akalakwitsa mumawakalipira?"

"Tsiku ndi tsiku."

"Nanga ine mukundisaliranji? Kubwezerako si kumeneku?"

Anakanda dazi lawo kwa kanthawi. Kenako anamuimbira foni mwanayo ine ndili pompo, ndipo ndinamva akuseka kumeneko.

"Adadi, ndinati muziwatenga ngati antchito ena onse, osati ngati apongozi anu!"

Masana ndinaphika ina. Mtima uli dyokodyoko, ndinatsegula uvuni nthawi isanakwane kuti ndisuzumire. Mawu anaphulika kumbuyo kwanga.

"Iwe! Tseka msanga! Ukulowetsa mphepo, ndiye ifufuma bwanji? Mutu wakowo ndi wosungira duku basi?"

Anakalipa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, chala chili pamphuno panga. Anzanga anaweramira matebulo awo pondimvera chisoni. Ine ndinangoima pamenepo, ufa mpaka m'zigongono, mano onse ali pamtunda.