Ndiwo za Mpesa wa a Edmund

Alamu anga a Edmund amagwira ntchito yamuofesi, koma mtima wawo unali kukadimba kamene ankabwereka kukhonsolo, kuseri kwa mzinda wa Bradford. Mpesa anaupeza momwemo, utayanga pawaya. Ankafuna kuti tsiku lina adzamwe vinyo wa manja awo. Zaka zinayi ankaulera ngati khanda, koma mphesa zake zinkangokhala zobiriwira, zowawasa moti ngakhale mbalame zinkazilambalala.

Mu 2018 komiti ya madimbawo inatopa nawo, poti mpesawo unkatchingira dzuwa oyandikana nawo. Wapampando, a Thompson, anawauza mwaulemu kuti mphesazo zikapanda kupsa chaka chimenecho, adzauzula. Ngati zimenezo sizinakwane, mu Julaye alamu anagwa pamasitepe n'kuthyoka mwendo. Ntchito yothirira inagwera akazi awo, achemwali anga a Agatha, mayi a Tiya, omwe ankadzerako akaweruka kuchipatala.

Tsono mayi wa ku Ntcheu mumuike pakati pa masamba anthete, otambalala ngati chikhatho, mukuganiza kuti atani? Anathyola. Anakatendera ndi nsinjiro, ndipo zinkawawasira bwino ngati chidede. Alamu ankanyambita zala, osafunsa kumene ndiwozo zachokera. Mlungu uliwonse jumbo inkabwera yodzaza, mpaka amayi akutchalitchi anagawiridwako.

Tsiku limene alamu anakwanitsa kupitako ndi ndodo, ine ndi achemwali tinawaperekeza. Tinapeza mpesa uli mbulanda, matsango onse ali pamtetete. Alamu anakhala pansi pachidebe, misozi ili chuchuchu, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri.

"Mayi a Tiya, mwandidyera mpesa wanga?"

"Tinadyera limodzi, bambo. Munkapemphanso zowonjezera."

Anatha mlungu osayankhulana, uthenga ukudzera mwa ine.

Koma dzuwa linali litapeza polowera. Matsango aja, amene zaka zonsezo ankanyowa mumthunzi wa masamba, anayamba kufiira, kenako kuda. Pofika Okutobala anali bii, ukagwira zala zikumata.

A Thompson anasunga mawu awo, anabwera ndi fosholo. Alamu sanachonderere. Anangothyola tsango limodzi n'kuwapatsa ndi manja awiri. Mkuluyo anadya imodzi, anadya ina, kenako anangoima akutafuna, tonse tikuwayang'ana kukamwa. Pomaliza ananena kuti ndi chifukwa cha kutentha kwa chaka chimenecho. Mwina n'zoona, koma ine ndikumudziwa amene analitsegulira khomo dzuwalo.

Anapempha tsango lina loti akapatse akazi awo, ananyamula fosholo yawo n'kumapita.

Alamu anatembenukira kwa achemwali.

"Mayi a Tiya, sauzula."

Achemwali analuluta nthungululu pomwepo, pakati pa madimba a azungu, mpaka mitu inadzuka m'mabedi a kabichi. Koma iwo sanasiye kululutako.