Yankho la Nambala ya a Binwell

Lole inali itadzaza kale, koma m'nyumba ya sukulu ku Chipoka munatsala tebulo limodzi ndi kompyuta ikulira chapansipansi. Amayi Irene anakhala pamkeka pambali pake. Amuna awo, a Binwell, mphunzitsi wa masamu, anaikidwa Loweruka, ndipo nyumbayo inkadikira mphunzitsi wina.

"Alamu, zulani chingwecho tizipita," anatero a Tumbikani, mng'ono wa malemu. "Adalaivala akufuna kukafika ku Ntchisi kusanade."

"Kumudzi kulibe magetsi," anayankha Triza, mwana wamkulu wa malemu. "Tikazimitsa pano, yathera pomwepo. Yatsala pang'ono."

"Ikuchita chiyani kodi?" anafunsa a Tumbikani.

"Ikuyesa nambala ina yaitali kwambiri, kuti ione ngati ili yosagawika ndi nambala ina iliyonse. Anthu m'mayiko ambiri anagawana ntchitoyi, aliyense nambala yake."

"Ndiye achimwene akanatchuka nayo?"

"Ayi. Iyi wina kunja anaiyesa kale, n'kupeza kuti imagawika. Ababa amangobwereza. Makina amalakwitsa, ndiye yankho salikhulupirira mpaka anthu awiri osadziwana apeze zofanana."

A Tumbikani anapukusa mutu. "Miyezi yonseyi kuchongera munthu wosamudziwa? Ndi achimwenedi amenewo. Chitseko chomwe ankakhoma n'kubwereranso kukachigwedeza."

Panja a Omari, adalaivalawo, analiza hutala, kenaka anazimitsa injini n'kutsikira kudoko kukagula utaka. Amayi awiri achibale amene anakwera kale pamwamba pa matilesi anafunda zitenje kumutu. Mphunzitsi watsopano anasuzumira pakhomo, n'kubwerera.

Dzuwa litapendeka, manambala anasiya kuthamanga pagalasi la kompyutayo. Panatuluka mzere umodzi.

"Imagawika," anatero Triza.

Triza anatenga bolopeni n'kukopera papepala zilembo ndi manambala a kumapeto kwa mzerewo, oti akawatumize kwa oyang'anira ntchitoyi kuchokera kuofesi kwake ku Lilongwe. A Tumbikani anawerama kuti azule chingwe.

"Dikirani, alamu."

Anali mawu oyamba a amayi Irene chiyambire m'mawa. Anadzuka, natenga pepalalo m'manja mwa mwana wawo.

"Iwe werenga pagalasipo, ine ndiziona apa."

Triza anawerenga chimodzichimodzi, mayi ake akutsata ndi chala mpaka kumapeto.

"Zafanana, amayi. Tiyeni."

Panja injini ya lole inalira. Amayi Irene anabweza chala poyambira.

"Werenganso."