Phiri la Bambo a Hyerim

Ndinali nditagwada m'bafa, ndikuwaza mchere pakati pa masamba a kabichi, pamene foni inalira. Inali sabata yokonza kimchi, kabichi wathu wowawasa wa tsabola, woti tidye nyengo yonse yachisanu, ndipo mabeseni anali atafika mpaka pakhomo. Ndinavula golovesi limodzi ndi mano n'kuyankha.

Anali alamu anga a Sunok, mlongo wa amuna anga. Iwowa akakhala ndi nkhani sapereka moni.

"Alamu, achimwene apita kuti lero?"

Ndinati apita kuphiri, monga mwa masiku onse.

"Phiri lake liti? Ine ndawaona pompano ndili m'basi. Ali pabwalo la Gwanghwamun, ndipo phirilo lavala sikafu yofiira ija munaluka inu."

Anafotokoza kuti awaona akutsegula kabokosi kanga ka chakudya n'kukapereka kwa mayi wina ndi manja awiri. Mayiyo anali wowonda, waimvi. "Akanakhala mtsikana tikanati ndi misala ya ukalamba, itha yokha. Koma waimvi, alamu? Pamenepo pali mtima." Kenako anati asandichedwetse, akudziwa kuti ndili ndi kabichi.

Amuna anga a Sanggil anapuma ntchito yoyendetsa basi chisanu chathachi chitangotha. Masabata oyamba ankangokhala pabalaza ngati mpando wina umene tagula. Kenako anagula jekete yabuluu, ndodo ndi nsapato zokwerera mapiri, n'kunena kuti apeza anzawo. Kuyambira pamenepo, ndikabwera ku mapemphero a mbandakucha ndinkawalongedzera mpunga, dzira lokazinga lopindapinda, tinsomba touma ndi kimchi. Madzulo kabokosi kankabwera kali mbee.

Koma nsapato nazonso zinkabwera zili mbee. Ngakhale mvula itagwa usiku wonse, pansi pake panalibe dothi kapena kaudzu. Ndinaziona kalekale, koma sindinafunse. M'nyumba mwathu mafunso aakulu sitifunsana. Ine ndimakawatula kwa Mulungu, iwo amakasuta fodya pakhonde. Kungoti ulendo uno sindinasiyire Mulungu zonse. Ndinayamba kuwonjezera mchere m'chakudya chawo, pang'onopang'ono, kuti tsiku lina adandaule, ndipo kudandaulako kutitsegule pakamwa tonse awiri. Sanadandaule. Kabokosi kankabwerabe kopanda kanthu, ndipo iwo ankangowonda.

Ndinavindikira mabeseni, n'kuvala chikhothi changa chakutchalitchi. Ndinati ngati ndikupita kukaona mkazi wondilanda banja, andione ndili munthu.

M'sitima yapansi panthaka ndinakonza mawu. Ndinakonza aulemu, ndinakonzanso ena oti ndidzalape Lamulungu. Mayi wina woyembekezera anasendera kuti ndikhale, ndipo nditakhala ananditsina pang'ono pamkono n'kundilozera pansi ndi maso. Epuloni yanga yamaluwa inali ikulendewera kunsi kwa chikhothi, ili ndi madontho a tsabola. Ndinamuthokoza ndi mutu, n'kuipindira m'kati. Za fungo la adyo ndi msuzi wa nsomba m'manja mwanga, palibe akanandithandiza.

Pabwalo panali mphepo yolasa m'mafupa. Anthu antchito anali kuimika mtengo wa Khirisimasi, ana a sukulu ya mkaka ankayenda atagwirana pachingwe, ndipo alendo ovala zovala zathu zakale zobwereka ankadzijambula patsogolo pa chiboliboli cha mfumu, akunjenjemera. M'mbali, monga mwa nthawi zonse, munali anthu oima okhaokha ndi zikwangwani zawo, aliyense ndi dandaulo lake, motalikirana ngati mitengo ya magetsi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuwadutsa anthu amenewa ndikuyang'ana pansi.

Ndinayamba kuona jekete yabuluu. Amuna anga anali ataima chilili, ndodo yawo itatsamira chikwama, atanyamula chikwangwani chachikulu pachifuwa. Panali chithunzi cha mnyamata wovala chipewa cholimba cha anthu omanga nyumba, akumwetulira. Pansi pake panalembedwa kuti: Mwana wanga sanagwe yekha.

Ife tili ndi mwana mmodzi, Hyerim, wamkazi, ndipo ali moyo. Ndinaima kaye kuti mutu ukhazikike. Kenako ndinaona sikafu yanga. Inali pakhosi pa mayi amene anakhala pabenchi yamwala chapatali ndithu, kabokosi kanga kali pamiyendo.

Ndinapita kwa amuna anga n'kuima pambali pawo, phewa ndi phewa.

"Bambo a Hyerim, phiri lalero n'losalala."

Anatembenuza maso okha. Makutu awo, amene anali ofiira kale ndi chisanu, anafiiriratu. Ndinkayembekezera bodza kapena kupepesa. Koma anangoti, chapansipansi, "Musaime pafupi ndi ine."

Takhala m'banja kuyambira tsitsi lathu lili lakuda, ndipo mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo. Ndinati sindisuntha. Ndinagwira ngakhale ngodya ya chikwangwanicho, kuti aone kuti nanenso ndili ndi manja.

Pamenepo panafika wapolisi wamkazi, wa msinkhu wa Hyerim, akupukusa manja kuti afunde. Anawerama mwaulemu.

"Amayi, pepani. Munthu akaima yekha ndi chikwangwani palibe vuto. Mukakhala awiri ndiye kuti ndi chionetsero, ndipo chimafuna kukanena kaye ku ofesi. Tasenderani uko pang'ono."

"Awa ndi amuna anga," ndinatero.

"Ndiye muli ndi mwayi, amayi, ndi munthu wabwino. Komabe tasenderani."

Lamulolo ndinkalidziwa, aliyense mu Seoul amalidziwa. Sindinkadziwa chabe kuti lingagwire ntchito pa ukwati wanga. Ndinasendera. Wapolisiyo anapitiriza kundikodola ndi dzanja kuti ndipite patsogolo, ndipo ndinapezeka nditafika pabenchi paja, pamaso pa mkazi amene ndinamukonzera mawu.

Kaya anayamba wapita kukafunda kwina, koma anali asanayambe kudya. Anali atatsinzina, manja ali pamwamba pa kabokosi, milomo ikugwedezeka. Munthu sungamukalipire akupemphera. Ndinadikira, ndipo mawu anga aja anayamba kuzizira limodzi ndi mapazi.

Atatsegula maso anandiyang'ana nkhope, kenako manja. Ananunkhiza mpweya pang'ono. Anaika kabokosi pambali, n'kuimirira, n'kuwerama mpaka sikafu inakhudza mawondo.

"Ndinu mayi ophika aja," anatero. "Ndine mayi wa Donghwi."

Anandikokera pansi kuti ndikhale, n'kundiika m'manja kathumba kofunditsa kamene anatulutsa m'thumba mwake, kakadali kotentha. Anandiuza nkhani yake mosakweza mawu, ngati munthu amene waifotokoza kambirimbiri kwa anthu osamvetsera. Donghwi anagwa kuchokera pamwamba pa nyumba imene ankamanga. Kampani inati anali wosasamala. Anzake anamuuza mayiyo mwamseri kuti pamalopo panalibe chotchinga, koma pamaso pa akuluakulu anakhala chete. Choncho iye anayamba kuima pabwalo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sankadya masana, ndipo madzi sankamwa, poopa kuti akapita kuchimbudzi chikwangwani chikhala pansi, nkhope ya mwana wake ili pamiyala.

Bambo wa jekete yabuluu, anatero, ankakhala pabenchi yomweyi masiku ambiri, akungoyang'ana mabasi akudutsa. Tsiku lina kukutentha kwambiri anabwera n'kugwira chikwangwani, n'kunena kuti, "Pitani mukadye." Mayiyo atayankha kuti alibe chakudya, bamboyo analoza chikwama chake ndi chibwano.

"Kuyambira tsiku limenelo sanaphonyepo. Koma dzina lawo sindilidziwa. Mawu awo ndi omwewo basi, pitani mukadye. Kodi kunyumba amayankhula?"

Ndinati amayankhula akafuna sokosi.

Anaseka, n'kubisa pakamwa ndi sikafu yanga. Kenako anandigwira dzanja. Anati tsiku lililonse asanadye amandipempherera, chifukwa mkazi wolola mwamuna wake kuima m'chisanu chifukwa cha mwana wa eni, n'kumadzukanso m'mamawa kuphikira munthu wosamudziwa, ameneyo ndi wa Mulungu.

Ndinayang'ana nkhunda zimene zinkayenda pafupi ndi mapazi athu. Ndinati si kanthu. Ndipo zoonadi sikanali kanthu.

"Koma mundikhululukire ndifunse," anapitiriza, akutsitsa mawu. "Kunyumba kuli bwino? Miyezi ino mchere ukuchuluka. Sindikudandaula ayi, ndimadya chonse. Kungoti mayi anga ankati dzanja la munthu wovutika mumtima limalemera pamchere. Ndiye ndakhala ndikupempha kuti chimene chikukusautsanicho chichoke."

Ndinaganiza za mchere wonse uja, supuni pamwamba pa supuni, ukutsikira m'mimba mwa mayi wofedwa mwana amene samwa madzi. Ine amene ndimagwada kutsogolo m'tchalitchi kusanache, kupempha kuti Ambuye andionetse wovutika woti ndimuthandize. Anandionetsadi, ndipo ndinamuthira mchere ngati kabichi.

Ndinamuuza kuti chinthucho changochoka kumene, ndipo mawa chakudya chidzakoma. Ndinamupempha kuti adye theka lokha, theka asiyire bambo aja. Kenako ndinamubwezera kathumba kofunditsa, n'kuimirira.

Ulendo uno sindinaime pambali pawo. Ndinafika kutsogolo, n'kugwira chikwangwani ndi manja awiri.

"Pitani mukadye," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali asanachisiye. Chinali cholemera kuposa mmene chinkaonekera, ndipo mphepo inkachikankha ngati chitseko. Wapolisi uja anali atayamba kale kubwera, choncho amuna anga anatola ndodo ndi chikwama n'kuyamba kubwerera chafutambuyo, akundiyang'anabe.

Ndinaima. Anthu ankadutsa akuyang'ana pansi, monga ndinkachitira ine. Bambo wina wa tayi anawerenga mawuwo, n'kuwerama pang'ono kwa chithunzicho osaima. Epuloni yanga inamasuka n'kutsikanso, ndipo ndinalibe dzanja loibwezera. Mumtima ndinali nditayamba kale kuwerenga amayi a gulu lathu lakutchalitchi: uyu abweretse tiyi, uyu bulangeti, tibwere tonse Lachitatu ndi mabuku a nyimbo. Kabichi wanga, amene panthawiyo anali atafota mumchere kupitirira muyeso, ndinangomupereka m'manja mwa Mulungu.

Amuna anga sanapite kubenchi. Anaima pamene wapolisi anawalozera, pakati pa bwalo, pafupi ndi ana a pachingwe aja. Ndinaona milomo yawo ikugwedezeka. Ndinapukusa mutu kusonyeza kuti sindikumva, chifukwa mabasi anali kudutsa mbali zonse. Anayesanso. Ndinapukusanso mutu. Anayang'ana kumanzere ndi kumanja, anavula chipewa, ndipo munthu amene m'nyumba mwake satha kupempha ngakhale madzi mokweza anafuula mpaka alendo aja anatsitsa mafoni awo.

"Mayi a Hyerim! Phiri ndinakwera tsiku limodzi lokha, mawondo anakana! Ndinachita manyazi kukuuzani! Ndipo za mayiwa ndinaopa kuti mubwera ndi gulu lonse lakutchalitchi, atithamangitse tonse!"

Ana aja anaima n'kumawayang'ana kukamwa kuli yasa. Amuna anga anawerama, nsapato zawo zoyera zili pamodzi, n'kukwezanso mawu.

"Ndinakunamizani nthawi yonseyi. Ndalakwa ine. Ndikhululukireni."