Buku Lothera pa Aroma

"Kodi amayi, anthu anu aja atulukamo m'mapanga?" anafunsa Asipanala ali pakhomo, akupukuta girisi m'manja.

Akazi awo anali atakhala pa makina osokera, buku la mbiri ya dziko lonse atalitsegula pamwamba pa siketi ya kasitomala, chala chili pa tsamba lachitatu. Tsamba limenelo linali litada ngati kolala ya malaya chifukwa cholibwerera tsiku ndi tsiku.

Mayiwa anali telala wodziwika, wa zaka makumi anayi ndi zitatu. Sukulu ina ya ntchito zamanja inawalonjeza malo ophunzitsa kusoka, koma inkafuna satifiketi ya sekondale. Phunziro limene linawagwetsa kalekale linali limodzi lokha, la mbiri, ndipo mayeso obwereza anali atatsala masabata atatu.

Vuto lawo linali la utelala. Msoko ukakhota pang'ono, iwo ankamasula wonse n'kuyambiranso. Kuwerenga ankateronso. Ankayamba ndi alenje a zida zamiyala, n'kufika pa anthu oyamba kulima, n'kutsikira ku Iguputo. Akangoiwala chaka chimodzi, basi, ankabwerera kumapanga. Miyezi isanu yonse, kutali kumene anafika kunali kwa Agiriki, ndipo kumenekonso anangosuzumira.

M'mawa umenewo kunabwera mng'ono wawo, mphunzitsi wa kupulayimale, atanyamula mafunso a mayeso a chaka chatha.

"Achemwali, taonani apa. Funso la miyala ndi limodzi. Enawa ndi a malonda a akapolo, kuyamba kwa mafakitale, nkhondo zikuluzikulu ziwiri zija, mayiko kulandira ufulu. Inu mwafika pati?"

"Ndikumanga maziko."

"Maziko miyezi isanu? Denga mudzafolera liti?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana iwe."

"Nkhonoyo ndinuyo," anatero mng'onoyo. "Tsokonombwe anatha mtunda n'kulumpha, koma ankalumphira kutsogolo. Siyani Agiriki, yambani nkhondo lero lomwe."

Telalayo zinamuwawa, makamaka poti woyankhulayo anali munthu amene iye anamubereka kumsana. Koma mafunso anali pamaso pake, ndipo mwa khumi akanayankha limodzi. Anatembenuza bukulo mokwiya kuti alitsegule cha kumapeto.

Kumapetoko kunalibe. Bukulo linathera pa tsamba 112, pakati pa chiganizo chonena za misewu ya Aroma. Kuchoka pamenepo panali tizidutswa totsalira pa ulusi, kenako chikuto. Kuwonda kwa bukuli ankakuona ndithu, koma ankangoti mwina dzanja lazolowera kulemera kwake.

Anaitana amuna ake, amene ankakonza njinga pakhonde.

"Bambo, buku langa latani?"

Asipanala anayang'ana bukulo, anayang'ana mlamu wawo, kenako anayamba kupukutanso manja amene anali atapukuta kale.

"Manyuzi anandithera," anatero. "Nanga manati ndi mabawuti a makasitomala ndikanakulunga ndi chiyani? Koma sindinakhudze kumene mukuwerengako. Ndimang'amba kumbuyo, limodzilimodzi."

"Limodzilimodzi mpaka kufika kwa Aroma?"

"Alamu, mwakulunga zaka pafupifupi zikwi ziwiri," anatero mphunzitsi uja, kuseka kukumuvuta kubisa. "Nkhondo zonse ziwiri zili m'matumba a anthu."

Bamboyo anaona ngati nkhaniyo ithera m'nthabwala, ndiye anawonjezera mawu amene sanayenere kutuluka.

"Ine ndimati kumeneko simudzafikako."

Masamba sanamupweteke telalayo kwenikweni, pakuti buku munthu amabwereka lina. Chinamulasa ndi chakuti mwamuna amene ankamuthirira tiyi m'mawa uliwonse n'kumuuza kuti limbikirani anali ataweruza kale mlandu wake. Choipitsitsa chinali chakuti sananame. Miyezi isanu masamba ankachoka, iye osadziwa.

"Ndiye mumandiseka," anatero motsitsa mawu. "Ndikamaloweza zaka apa, inu pakhondepo mumadziwa kuti ndikutunga madzi ndi dengu."

"Ayi amayi, sikuti choncho."

"Ndi motani?"

Asipanala anatuluka, ndipo kunamveka kugubuduka kwa zitsulo m'bokosi lawo. Anabwerera ndi mpukutu wa masamba pafupifupi makumi atatu, ena opindika, ena okhala ndi zidindo za zala zakuda. Ena anali atang'ambiratu kuti agwiritse ntchito sabata imeneyo, ena anakhuthulamo manati a njinga zimene eni ake anali asanabwere kudzatenga. Anawaika pamakina osayang'ana munthu kumaso.

"Lolemba ndikakubwerekerani lathunthu kwa mnzanga wa kusekondale," anatero mng'ono uja. Tsopano sankaseka.

"Lolemba ndi kutali."

Telalayo anachotsa siketi ya kasitomala, nayamba kusanja masambawo potsata manambala. Panali mipata paliponse. Aroma ankagwa pa tsamba lina, ndipo lotsatira lake zombo za akapolo zinali kale panyanja. Nkhondo yoyamba inalipo theka. Anawawongola ndi simbi, anawalumikiza m'mphepete, n'kuponda makina.

Singano inavutika ndi mapepala a girisiwo, ndipo msoko unakhota moonekeratu. Pa nsalu ya munthu, msoko wotero sakanalola kuti utuluke pakhomo pake. Dzanja linapita lokha pa lezala lomasulira ulusi. Analigwira, anayang'ana kalendala pakhoma, n'kuliponya m'kabati.

Anatsegula pa tsamba 203, limene linayambira pakati pa chiganizo, asilikali ali kale m'maenje. Sankadziwa kuti akumenyana ndi yani, kapena chimene anayambanirana. Zinamunyansa kwambiri, koma anawerenga mpaka pansi, n'kutembenuza.

Asipanala anali adakali chilili pakhomo.

"Ndikuthirireni tiyi, amayi?"

"Ayi. Tengani buku lakaleli," anatero osadzutsa mutu. "Manyuzi akakutheraninso, muzing'amba kumayambiriro. Kumeneko ndiye sindidzafikakonso."